A Makiyi ndi Gitala Yotsekula

Kodi inu munayamba mwaonapo bambo wamkulu, wa imvi zake, atakhala pampando akukalipira zala zake ngati akukalipira ana osamva? Ngati simunaonepo, ndiye kuti a Makiyi simukuwadziwa.

Dzinali si la ubatizo ayi. Anthu anangowapatsa chifukwa cha ntchito yawo, moti ngakhale akazi awo akapsa mtima amawaitana lomweli. Amadula makiyi m'kashopu kamene kali pansi pa masitepe a nyumba yosanja, pakati pa wokonza mafoni ndi mayi wogulitsa ulusi ndi mazipi. Kashopuko akalowa munthu mmodzi ndiye kadzaza. Muli makina odulira aja olira ngati akukukuta mano, muli vayisi yopanira makiyi, muli tupa, ndipo khoma lonse ndi makiyi osadula olendewera pamisomali. Pansi pamakhala fumbi lachikasu la chitsulo, limene limawatsata mpaka kunyumba m'mapindiro a thalauzi. Ntchito amaidziwa, zimenezo sitingawalande. Koma mtima wapachala, abale anga. Ukabwera ndi kiyi wopindika amayamba akufunsa kaye ngati umatsekulira chitseko kapena chitini.

Chimene a Makiyi ankachikonda kuposa shopu yonseyo chinali mpando wawo wa Lamulungu. Kutchalitchi kwathu, kutsogolo chakumanzere, pafupi ndi zenera lija losatsekuka bwino, pamakhala oimba zida atatu: wang'oma, wa besi ndi wa gitala. Mpando wa gitala unali wawo kuyambira ana awo ali kumsana mpaka anawo anakapeza mabanja awo. Abusa anasintha, makatani anasintha, denga analifolera lina, a Makiyi ali pompo. Ndiye mpando umenewu unafika poti uwachoke iwo akuona, ndipo nkhani yonse yagona pamenepa.

Wa besi anali alamu awo, achimwene a mayi akunyumba, oyendetsa basi. Munthu wansangala, wa mimba yake yabwino, koma khutu la nyimbo Mulungu sanawapatse. Iwo ankaimba ndi maso. Ankangoyang'ana dzanja lamanzere la a Makiyi: zala zikapindika mwakuti, iwo adziwa pogwira, zikasintha nawonso asintha. Anthu ankayamikira kuti awiriwa amamvana ngati mapasa, osadziwa kuti wina akungoonera ngati mwana wasukulu pa mayeso.

Mavuto anayamba nyengo yozizira. M'mawa zala zitatu zakumanzere, chapakati, cha mphete ndi kaching'ono kaja, zinkadzuka zitauma ngati za munthu wina. Poyamba ankaziviika m'madzi ofunda n'kumasuka. Kenako mfundo zinatupa, madzi ofunda osathandizanso. Iwo osanena kanthu. Akazi awo anadziwira pa malaya, poona kuti bambo waukhondo uja wayamba kutuluka m'chipinda batani la kumkono wamanja lili chosamanga. Anawakokera kuchipatala ngati mbuzi yokana msika. Kumeneko anati ndi nyamakazi, anawapatsa mapilisi ndi mafuta opaka, n'kuwauza mosabisa kuti ululu ungachepe koma zalazo sizidzabwerera mwakale.

Kuntchito sizinavute kwenikweni, poti kiyi amagwira ndi vayisi, dzanja lamanja n'kumayendetsa. Koma gitala imafuna zala zomwezo. Paja gitala ukangoikwapula osagwira paliponse imalira zosokonekera. Kuti ilire zomveka uyenera kupanikiza nsambo, mawaya ake aja, ndi zala zitatu nthawi imodzi, chilichonse pamalo pake, kenako n'kumasintha msangamsanga nyimbo ikuyenda. Oimba amati makodi. Akazi awo ankati dzinalo analipereka bwino, chifukwa kwa amuna awo linasanduka funso lenileni: kodi chifika, kodi sichifika.

A Makiyi anawalumbiritsa akazi awo kuti asauze munthu aliyense, ngakhale achimwene awo omwe. Chifukwa chake anali nacho. Kutchalitchi munthu akadziwika kuti akudwala, dzina lake limatchulidwa m'pemphero, anthu amamugwira paphewa, ndipo posakhalitsa amamuuza mwachikondi kuti apumule kaye. Iwo anali ataona kuti opumula kaye sabwereranso.

Kalekale iwo ali mnyamata, padepoti ya mabasi pankakhala mkulu wina woimba gitala ndi chala chimodzi. Ankangochigoneka chopingasa pa nsambo zonse, kuchikweza, kuchitsitsa, nyimbo n'kumatuluka. A Makiyi ankamuseka kwambiri, ndipo zaka zonsezi akafuna kunyoza woimba waulesi ankati ameneyo ndi wa chala chimodzi. Mawu amenewa alamu awo anawamva mpaka kutopa nawo. Koma Mulungu amadziwa kutibweza kumene tinalavula. Loweruka lina masana a Makiyi anatsitsa gitala yawo yakale pamwamba pa kabati, ija yong'aluka pamimba, yosalumikiza ku sipika, n'kuyamba kupotokola timakiyi take tokokera nsambo, kufufuza chimene mkulu uja ankachita.

Sizinatheke tsiku limodzi. Anavutika nazo masabata, akubwera kuntchito n'kukhala pakhonde, kukweza nsambo iyi, kutsitsa iyo, kutukwana pang'onopang'ono kuti aneba asamve. Mapeto ake anapeza. Anamasulako nsambo ziwiri zikuluzikulu zapamwamba ndi kakang'ono kapansi penipeni, iliyonse pang'ono, mpaka zonse zisanu ndi imodzi zinagwirizana. Atakwapula dzanja lamanzere lili pabondo, gitala inalira yokha kodi wathunthu, woyera bwino.

Anaitana akazi awo amene ankachapa kuseri. Anawafotokozera m'chiyankhulo cha ntchito yawo, kuti gitala ya anthu onse ndi yokhoma, zala ndiye makiyi ake, ndipo munthu wopanda makiyi salowa. Koma iyi aitsekula, yangokhala chitsekukire. Mipata ija ya pakhosi pa gitala, pakati pa tizitsulo, iwo amati zipinda. Ndiye anati chala cholozera, chimene chinali chikadali chamoyo, ukachigoneka pachipinda chachisanu wapeza kodi wachiwiri, ukachisunthira pachisanu ndi chiwiri wapeza wachitatu, ndipo nyimbo zambiri za kutchalitchi zimayenda pa makodi atatu omwewo.

Mayiwo anamvetsera, thovu likudontha m'manja, kenako anafunsa:

"Ndiye mwasanduka wa chala chimodzi uja, bambo?"

Tsiku limenelo a Makiyi sanawayankhulenso mpaka dzuwa kulowa.

Musaganize kuti atatsekula gitalayo mavuto anatha. Nsambo zomasula zija zinkanjenjemera n'kumagunda tizitsulo, kumveka ngati ntchentche yatsekeredwa m'botolo. Nyimbo zachisoni, zimene zimafuna kodi wolira uja, gitala yotsekula sizidziwa, iyo imangoseka basi, ngakhale mawu akunena za manda. Ndipo zala zodwalazo, zimene zinkakana ntchito akazituma, tsopano zinkathamangira zokha malo awo akale n'kuwononga zonse. Apa m'pamene munkawapeza atalitukula dzanjalo pafupi ndi nkhope, akuchiuza chapakati kuti chikhale pansi sanachitume, akuchiuza cha mphete kuti pamene ankachifuna chinali kuti. Akazi awo ankangopitiriza kusesa, akupemphera chamumtima.

Kutchalitchi kunali vuto lina. Gitala ya kumeneko, yolumikiza ku sipika, si ya munthu mmodzi. Imagona m'kachipinda kosungiramo zida, ndipo mkati mwa sabata amaimbira achinyamata. Choncho a Makiyi anayamba kufika anthu onse asanafike. Ankaitenga, kuitsekula mwakachetechete, kuimba mapemphero onse, anthu akatuluka n'kuikhomanso mmene anaipezera. Loweruka pophunzira nyimbo, chimodzimodzi. Nsambo si mphira kuti uzingoikoka ndi kuimasula. Kakang'ono kaja kanaduka, anaika kena, nakonso kanaduka. Atafunsidwa anati nsambo za masiku ano n'zachabechabe.

Anasinthanso kakhalidwe. Anayamba kukhala chammbali, khosi la gitala litaloza kuzenera, msana utatchinga alamu awo. Besi inayamba kusochera ngati basi yopanda mabuleki. Kwaya ikakwera iyo ikutsika, kwaya ikaima iyo ikupitirira. Tsiku lina atatuluka, alamuwo anawapanikiza paseri pa tchalitchi.

"Alamu, mwayamba liti kundibisira dzanja ngati mwaba nyama m'poto?"

"Phunzirani kumva ndi makutu. Mulungu anakupatsani awiri, aakulu bwinobwino."

"Makutu angawa ndi omvera mahutala. Komatu ndinasuzumira lero. Ndaona chala chimodzi chikuyenda uku ndi uku ngati chikusita malaya. Ndinu, kapena mkulu wa padepoti uja wauka?"

A Makiyi anati ndi sitayilo yatsopano, ndipo munthu amene zaka zonsezi wakhala akudya thukuta la zala za mnzake alibe pakamwa pofunsira. Alamuwo anaseka, koma madzulo ake anakafunsa mlongo wawo ngati kunyumba kuli bwino. Mayiwo, poti analumbira, anangoti akafunse eni ake.

Nthawi imeneyo kwaya inali italandira woiphunzitsa watsopano, mayi wophunzitsa ana kupulayimale, amene tonse timangoti a Madamu. Ndi wamng'ono, angathe kukhala mwana wa a Makiyi, waulemu wake, koma zosokonekera salola. Iwo anamva kuti besi ikusochera, anamva kuti panyimbo zachisoni gitala ikungokhudza mwamantha, anaonanso kuti nsambo zikutha ngati machesi. Komanso mpingo unali utalandira kiyibodi, ndipo panali bambo wina wobwera kumene woidziwa kuimba. Pakona paja malo ndi a anthu atatu, ndipo kiyibodi ntchito yake ndi yomweyo ya gitala. Ndiye Loweruka lina a Madamu ananena pamaso pa onse, mofatsa, kuti Lamulungu la sabata yamawa adzamvetsera bwinobwino. Gitala ndi besi zikapanda kumvana, gitala idzapuma kaye, kiyibodi ilowe.

Mawu aja akuti kupuma kaye anawalasa a Makiyi ngati singano. Sabata imeneyo anadula makiyi olakwika angapo, chinthu chimene sachita, ndipo mayi wa ulusi uja anati anawamva akukangana ndi vayisi. Akazi awo atawabweretsera chakudya kushopu anaima pakhomo, poti mkati malo mulibe, n'kuwauza kuti angonena zoona. Anati a Madamu si chilombo, ndipo matenda si tchimo. Anawafunsa kuti amene akumubisira ndi ndani, poti Mulungu akudziwa kale, ndipo anthu akungoona ngati aledzera.

"Ine sindikufuna kupemphereredwa, mayi. Ndikufuna kuimba."

Mayiwo anati zonse ziwiri zimatheka, koma bamboyo anali atayatsa kale makina.

M'malo monena zoona, anapangana nzeru ndi alamu awo. Anawaitanira kunyumba ndi besi yawo, n'kuwauza kuti asiye kuyang'ana zala, aziyang'ana khosi la gitala. Likakhala pakati, ndi kodi woyamba. Akalikweza, wachiwiri. Akalitsitsa, wachitatu. Alamuwo anati zimenezi ndiye zawo, zili ngati magiya. Anayeserera masana onse mpaka aneba anatseka mawindo, koma pomaliza zinkamveka bwino ndithu. Ngakhale nyimbo yachisoni imene inali pamndandanda anaipezera njira, yoti a Makiyi azikhudza nsambo zitatu zokha n'kusiya zinazo. Tsiku limenelo a Makiyi anadya bwino, anasekanso ndi akazi awo.

Lamulungu lija anafika m'mawa kuposa masiku onse. Anatenga gitala, anaitsekula mosamala, kumvetsera nsambo iliyonse khutu lili pafupi, mpaka inalira mmene ankafunira. Anaigoneka pampando wawo. Anthu atayamba kulowa, kunabwera mkulu wa mpingo akupuma mofulumira, kuti abusa athyolera kiyi m'loko wa ofesi, ndipo mkanjo wawo ndi zonse za mapemphero zili mkatimo. A Makiyi anang'ung'udza kuti Lamulungu sagwira ntchito, koma tizitsulo tawo amayenda nato m'thumba la jekete, ndipo abusa sungawakanire. Anapita.

Kachidutswa ka kiyi kanali katalowa mkati kwambiri. Kukakoka kumafuna manja awiri, ndipo lamanzere lija linkangoterereka. Abusa ali pambali akupepesa, akuyang'ana wotchi, akupepesanso. Thukuta linawatsika a Makiyi m'khosi.

Pamene iwo ankalimbana ndi loko, a Madamu anafika pakona ya zida. Mumtima mwawo munalibe choipa, Mulungu ndi mboni. Ankafuna kuti tsiku loweruza anthu pasapezeke wonena kuti chida chinali chosatchuna. Ali ndi foni imene ukaliza nsambo imaonetsa kamuvi, kakafika pakati n'kubiriwira. Anayesa besi, inali bwino. Anatenga gitala, n'kupeza nsambo zitatu zili pansi. Anapukusa mutu, poganiza kuti mwina vuto la masabata onsewa linali lomweli, kuti makutu a bambo aja ayamba kukalamba. Anazikoka zonse zitatu mpaka kamuvi kanabiriwira, n'kuibwezera pampando mmene anaipezera. Alamu aja sanaone, anali panja akucheza.

A Makiyi anabwera anthu ataimirira kale, wang'oma atayamba. Anakhala pansi, anakoleka lamba, anawayang'ana alamu awo ngati kunena kuti tiyeni. Kenako anakwapula nsambo zonse ndi mkono wathunthu, dzanja lamanzere lili pabondo, sipika ili pamwamba.

Abale, kunamveka ngati kabati ya mbale yagwa pasimenti. Mwana wina analira kumbuyo. A Makiyi anaganiza kuti mwina khutu lawanamiza, anagoneka chala pachipinda chachisanu, n'kukwapulanso. Chisokonezo chomwecho, chitangokwera. Pamenepo anadziwa kuti wina waikhoma.

Akanatha kuimasulanso, koma zimenezo zimafuna bata ndi kanthawi, ndipo mpingo wonse ukanaona bambo akutsitsa nsambo zimene aphunzitsi angokonza. Ndiye anachita chimene anali atasiya miyezi yambiri. Anatuma zala zija malo awo akale. Chapakati chinafika mochedwa. Cha mphete chinaima panjira. Nsambo zinkangoti thi, thi, ngati munthu akutsokomola m'bulangeti. Ululu unkawakoka phewa, khosi la gitala n'kumakwera, n'kumatsika, ndipo alamu aja, okhulupirika pa pangano, ankasintha magiya kutsatira khosilo. Amayi a kwaya anayamba kuyang'anizana, ena kutsata besi, ena kutsata a Madamu. Pomaliza a Madamu anayenda okha, dzanja limodzi likuimbitsabe, n'kukatsitsa mawu a gitala ndi besi pa sipika. Nyimbo inatha ndi ng'oma yokha.

Mapemphero onse a Makiyi anakhala pampando uja gitala ili pamiyendo, osaikhudza. Milomo yawo inkagwedera. Kaya ankapemphera kaya ankanena zina, akudziwa ndi Mwini wake.

Anthu atatuluka, a Makiyi anawapeza a Madamu m'kachipinda ka zida akukulunga mawaya.

"Wagwira gitala ndani?"

"Ndine, bambo. Nsambo zitatu zinali zitatsika, ndiye ndinangokukonzerani."

"Mwandikonzera."

"Ee, foni inaonetsa kuti..."

"Foni yanuyo ili ndi zala zingati, mwana wanga?"

A Madamu sanamve tanthauzo lake. Ndiye a Makiyi anatambasula dzanja lamanzere patsogolo pawo, n'kuyesa kufumbata. Cholozera ndi chachikulu zinatseka. Zitatu zija zinaima pakati, zotupa mfundo. Anafotokoza zonse, mawu ali okwiya ngati wolakwa ndi amene akumvayo: za nyamakazi, za kutsekula, za kufika m'mawa, za nsambo zoduka zija.

A Madamu anakhala pa sipika, mawaya ali m'manja. Anapepesa kuchokera pansi pa mtima. Anafunsa kuti bwanji sananene, poti akanadziwa sakanaigwira n'komwe. Kenako, pofuna kuwatonthoza, anati katchunidwe kameneka si kachilendo, oimba ambiri amaimba choncho ngakhale ali ndi zala zonse, ndipo m'foni momwemo kalimo. Anawaonetsa. Ndipotu kanalimo, nsambo zitatu zomwe zija. Izi m'malo mowatonthoza zinawapsetsa mtima kuposa zonse. Masabata onse aja pakhonde, kuvutika ngati akuba, chinthu chili m'thumba la mwana wamng'ono.

Alamu aja anali pakhomo, anamva zonse. Tsiku limenelo nthabwala zinawathera. Anangoti ndiye mwakhala mukundisiya anthu azinditukwana ine, kenako anatenga jekete ya a Makiyi n'kuwagwirira kuti alowetse mkono.

A Madamu anati Lamulungu limenelo silingawerengedwe, poti anasokoneza ndi iwo. Anawapatsa masabata ena, anauzanso achinyamata kuti gitala ija asamaigwire timakiyi. Koma nkhani inali itatuluka. Dzina la a Makiyi linatchulidwa m'pemphero la odwala, iwo ali pompo atagwira gitala, nsagwada zitalimba. Amayi anayamba kufika kushopu, uyu ndi mafuta ake, uyu ndi masamba oti aziviika, uyu ndi nkhani ya amalume ake amene anayamba choncho n'kumaliza osatha kugwira supuni.

Tsopano ndinene chilungamo, poti bodza ndi tchimo. Ngakhale gitala inali chitsekukire, a Makiyi sankakwanitsa. Mapemphero aakulu aja nyimbo zimalumikizana, ina kutha ina kulowa osapuma, ndipo a Madamu amakonda kukweza nyimbo pakati kuti anthu adzuke. Nyimbo ikangokwera, kutsekula kuja kulibenso ntchito, chala chiyenera kugona pa nsambo nthawi yonse osadzuka, ndipo pofika nyimbo yachitatu chinkanjenjemera ngati cha munthu wa malungo. Anadzipangira kushopu kachitsulo kopanira nsambo, kokongola ndithu, kamene kankathandiza nyimbo ikayambira pamwamba. Koma kukasuntha nyimbo ili mkati sikunkatheka. Anapempha kuti asiye zokwezakwezazo. A Madamu anayesa Lamulungu limodzi, ndipo amayi a kwaya anadandaula kuti nyimbo zagona ngati phala lozizira.

Mapeto ake a Madamu anapita okha kushopu, kuti asawauzire pagulu. Anaima pakhomo paja, anapereka moni, anafunsa za kunyumba. Kenako anati kiyibodi iyamba Lamulungu likubwerali. Anati koma kuli mapemphero oyamba aja a m'mamawa, kumene kumabwera okalamba ndi anthu ochokera ku ntchito za usiku, alonda ndi anamwino. Kumeneko kulibe chida chilichonse, aliyense amayamba nyimbo pamene pamuthera mawu.

"Mwandiponya kwa nkhalamba."

"Kumeneko kiyi wa nyimbo muzipereka ndinu, bambo. Palibe adzakukwezereni nyimbo."

A Makiyi anatenga tupa n'kuyamba kupala kiyi amene anali atatha kale.

Masabata angapo sanapite kutchalitchi konse. Akazi awo ankapita okha, akafunsidwa n'kumati akubwera. Sanawakakamize, anangowasiya m'manja mwa Ambuye, ngakhale nthawi zina ankawaikira mbale patebulo mwamphamvu kuposa mmene zimafunikira. Kenako Lamulungu lina kukungocha mayiwo anawapeza ataima pakhomo atavala kale, gitala yakale yong'aluka ija ili m'thumba la nsalu, akufunsa kuti kodi munthu amavala mpango chaka chonse.

Mpando wa pazenera uja unapita, ndipo sunabwerere. Panakhala kiyibodi. Alamu aja tsopano amasuzumira dzanja lamanzere la bambo wa kiyibodiyo, ndipo amati mabatani oyera ndi akuda aja amawazunguza mutu kuposa msewu wa mumzinda. A Makiyi sanavomereze mpaka lero. Amati kiyibodi si chida, ndi wailesi ya mabatani. Amati okalamba a m'mamawa amakoka nyimbo ngati akukoka ngolo yaphwa matayala, ndipo pali agogo ena osamva bwino amene amamaliza vesi anzawo atakhala kale pansi. Nyimbo zachisoni zikuwavutabe. Panopa akuyesa kutsitsanso nsambo ina kuti gitala iphunzire kulira, koma akatero nyimbo zachimwemwe zimawonongeka, ndiye amabwezera, n'kuyambanso mawa lake. Akazi awo amati nyumba yonse yatopa, mpaka mphaka anasamuka.

Koma akakwapula koyamba m'tchalitchi mozizira muja, popanda sipika, popanda ng'oma, mawu a anthu otopa aja amapeza pogwira, onse n'kuyambira pamodzi. Mlonda wina amene ankangogona pabenchi yakumbuyo tsopano amaimba, molakwitsa koma amaimba.

Ndiye inu, Lamulungu lina dzukani m'mawa mupite mukawaone. Mukakhale kutsogolo, chifukwa gitalayo mawu ake ndi ochepa ndipo agogo aja amaiphimba. Akakuyang'anani mokwiya musabwerere, nkhope yawo ndi yomweyo. Tengani ndi anzanu, tengani ndi ana ngati adzuka, poti mabenchi opanda anthu alipo ambiri, ndipo munthu woimbira mabenchi sachedwa kutopa. Pitani ndithu.